Kamzere kodzadza pa webusayiti: kukakongoletsa popanda kunamiza wodikira

Munthu akaima pa mpopi ku Ndirande kudikira kuti ndowa idzadze, sasowa womuuza kuti yatsala pang'ono. Madzi amaoneka akukwera, ndipo ngakhale maso ali kumbali akucheza ndi mnzake, kalilidwe ka madzi kamasintha akamayandikira kukamwa kwa ndowa. Pa foni mulibe zimenezo. Mukadina batani lotumiza fomu yofunsira ntchito pamodzi ndi zithunzi za masatifiketi, simuona kanthu, simumva kanthu. Fayilo ikupita kapena yaima? Bandulo ikungodyeka pachabe? Chimene chimayankha mafunso amenewa ndi kamzere kamene kamadzadza kuchokera kumanzere kumka kumanja, kamene opanga mawebusayiti amakatchula progress bar.

Ndimapanga mawebusayiti muno mu Blantyre, ndipo kamzere aka ndinakaphunzira nditapweteka nako anthu. Ndinapangira bungwe lina fomu yolandirira makalata ofunsira ntchito. Pa kompyuta yanga, mu ofesi ya makatani otseka, kamzere kake kanali kokongola: kopyapyala ngati ulusi, kotuwa pang'ono pamwamba pa tsamba loyera. Makalata atayamba kufika, ena anabwera kawiri, ena katatu. Anthu sankakaona kamzereko, ankaganiza kuti batani silinagwire, n'kudinanso. Aliyense wa iwo anawononga bandulo imene mwina anagula ndi ndalama ya ndiwo. Kuyambira pamenepo ndimaona kuti kukongoletsa progress bar si nkhani ya utoto wokha. Ndi nkhani yomuuza munthu wodikira zoona, m'njira yoti azione pa foni imene ali nayo, pamalo pamene waima.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1985, Brad Myers, ali pa University of Toronto, anayesa anthu pa kompyuta, nthawi zina akuwaonetsa kamzere kosonyeza pomwe ntchito yafika, nthawi zina osawaonetsa, ndipo ambiri anasankha kukhala nako. Jakob Nielsen, katswiri wa mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, naye anatchukitsa malire atatu a kudikira: chinthu chikachitika mkati mwa 0.1 ya sekondi munthu amaona ngati chachitika pompo, chikatenga sekondi 1 amazindikira kuchedwa koma maganizo ake sasokonekera, chikapitirira masekondi 10 amayamba kuganiza zina, ndipo pamenepo afunika kuuzidwa kuti ntchito yafika pati. Kwa anzathu a intaneti yothamanga, masekondi 10 ndi nthawi yosowa. Kwa munthu wa ku Bangwe kapena ku Chirimba amene akutumiza chithunzi cha MB 4 madzulo, aliyense ali pa netiweki, masekondi 10 ndi chiyambi chabe.

Timizere tiwiri tosiyana

Pali kamzere kodziwa mapeto, ndipo pali kosadziwa. Kodziwa mapeto kamakhala ndi nambala: fayilo ndi ya MB 3, yapita MB 1.5, kamzere kali pakati. Kosadziwa kamangoyendayenda, kusonyeza kuti ntchito ikuchitika koma palibe angalonjeze kuti itha liti. Chilankhulo cha HTML, chimene timalembera masamba a pa intaneti, chili ndi tagi (liwu louza tsamba chimene lionetse) yake ya zimenezi, dzina lake `progress`, imene inabwera ndi HTML5, yomwe bungwe la W3C linaivomereza mu 2014. Tagiyi imalandira zinthu ziwiri: `max`, kutanthauza ntchito yonse, ndi `value`, kutanthauza imene yachitika. Mukapanda kulemba `max`, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, monga Chrome) imatenga 1, ndiye `value` ya 0.5 ndi theka. Mukapanda kulemba `value`, kamzere kamasanduka kosadziwa mapeto kaja. Apa ambiri amaphonya: kuika `value` pa 0 si chimodzimodzi ndi kuichotsa. Ziro akutanthauza kuti tikudziwa kuti sitinayambe. Kuti kamzere kabwerere pa kuyendayenda, `value` iyenera kuchotsedwa yonse.

Ili ndi m'bale wake, tagi ya `meter`, ndipo awiriwa amasokonezedwa kawirikawiri. Ya `meter` ndi yoyezera kuchuluka kwa chinthu: mayunitsi a magetsi otsala, madzi ali m'thanki, bandulo imene yatsala. Zimenezi si ntchito yopita ku mapeto, zimakwera n'kutsika. Ya `progress` ndi ya ulendo umene uli ndi pothera.

Pamene mutu umawawira

Mukalemba tagi ya `progress` osaikongoletsa, browser iliyonse imaijambula mwa njira yake. Pa Chrome imaoneka mwina, pa Safari mwina, pa Firefox mwinanso. Ngati chimene mukufuna ndi kungosintha mtundu kuti ugwirizane ndi wa kampani, mzere umodzi wa CSS, chilankhulo chokongoletsera tsamba, ukukwanira: `accent-color`. Chrome ndi Firefox zinayamba kuumva mu 2021, Safari mu 2022. Kwa mawebusayiti ambiri amene ndaona muno, akanangolekera pamenepa zinthu zikanakhala bwino kuposa mmene zilili.

Koma mukafuna kulamulira zonse, kunenepa kwake, ngodya zake, mtundu wa mbali yosadzadza, muyenera kuyamba mwaivula malaya a browser polemba `appearance: none`. Kenako muzikaona kamzereko ngati ngalande ndi madzi oyendamo. Ngalande ndi mbali yonse, madzi ndi mbali imene yadzadza. Vuto ndi loti ma browser sanagwirizane maina a ziwirizi. Mu Chrome, Safari, Opera ndi Edge, ngalande imatchedwa `::-webkit-progress-bar` ndipo madzi ndi `::-webkit-progress-value`. Mu Firefox, dzina lakuti `::-moz-progress-bar` silinena ngalande ayi, limanena madzi, ndipo ngalande ndi tagi ya `progress` yeniyeniyo. Maina awiri ofanana kumapeto, tanthauzo losiyana. Wophunzira amene wangoyamba kumene, kaya ku MUBAS kaya payekha kunyumba, amaona mawu akuti `bar` mbali zonse ziwiri n'kuwapatsa mtundu umodzi, kenako n'kudabwa kuti pa browser ina kamzere kakuoneka ngati sikakuyenda, chifukwa madzi ndi ngalande zafanana.

Pali msampha wina wobisika kwambiri. Mu CSS tinazolowera kuphatikiza maina powalekanitsa ndi chizindikiro cha koma (,) kuti tisalembe kawiri. Mukaphatikiza dzina la `webkit` ndi la `moz` mu lamulo limodzi, Chrome ikakumana ndi dzina la Firefox limene silidziwa, imataya lamulo lonselo, kuphatikizapo mbali imene ikanaimva. Palibe uthenga wofiira umene umatuluka, kamzere kamangokana kusintha. Mankhwala ake ndi kulemba malamulo awiri osiyana, ngakhale zam'kati mwake zili zofanana. Ngati mukuwerenga maphunziro akale mupezanso dzina la `::-ms-fill`. Limenelo linali la Internet Explorer ndi Edge yakale. Edge inasamukira ku injini ya Chromium mu 2020, choncho musataye nalo nthawi. Dziwaninso kuti pa iPhone zimene anthu ali nazo kuno, ngakhale Chrome imayendera injini ya Safari, ndiye kuyesa pa Chrome ya kompyuta sikutanthauza kuti mwayesa pa iPhone.

Chimene chimaiwalika kwambiri mukavula malaya aja ndi kamzere kosadziwa mapeto. Kuyendayenda kuja kunali mbali ya malayawo, ndipo kumapita nawo limodzi. Pa Chrome pamatsala ngalande youma, pa Firefox kamzere kamaoneka kodzadza konse ngati ntchito yatha. Ganizirani munthu amene akuona kamzere kodzadza pamene seva, kompyuta imene ikulandira fayilo, sinayankhe n'komwe: atseka tsamba. Choncho amene walemba `appearance: none` wadzipatsanso udindo wolemba `progress:indeterminate` ndi kayendedwe kake.

Zangodya n'zosavuta. Zungulitsani ngodya za ngalande ndi `border-radius`, muikenso `overflow: hidden` kuti madzi asatulukire m'makona.

Chifukwa cha mavuto onsewa, ambiri amaisiya tagi ya `progress` n'kumanga kamzere kawo ndi ma `div` awiri, timabokosi wamba ta HTML, wina mkati mwa mnzake. Bootstrap, laibulale ya maonekedwe okonzedwa kale imene yadzadza m'mawebusayiti a kuno, imachita zomwezo. Sindikutsutsa, chifukwa `div` imamvera CSS mofanana paliponse. Koma `div` ndi bokosi losalankhula. Munthu wosaona amene amagwiritsa ntchito TalkBack pa Android, VoiceOver pa iPhone kapena NVDA pa kompyuta, pulogalamu yake ikafika pa `progress` imadziwa kuti ichi n'chiyani ndipo imamuwerengera peresenti. Ikafika pa `div` wamba imangodutsa. Kuti amve, muyenera kuika `role="progressbar"`, ndi `aria-valuenow`, `aria-valuemin` ndi `aria-valuemax`, ndipo nambala ya `aria-valuenow` izisintha nthawi iliyonse imene madzi akwera. Njira iliyonse imene mwasankha, kamzere kapatseni dzina, kudzera mu `label` kapena `aria-label`. Kumva kuti "40 peresenti" osadziwa kuti ya chiyani sikuthandiza munthu. Ine ndimayamba ndi `progress`, ndipo ndimapita ku `div` pokhapokha kamangidwe kakandikakamiza.

Dzuwa la mu Okutobala

Tsopano za mtundu, pomwe ndinalakwira poyamba paja. Sikirini ya mu ofesi ndi sikirini ya foni ya itel kapena Tecno m'manja mwa munthu amene waima pa Wenela masana a mu Okutobala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Galasi mwina ndi losweka, kuwala wakutsitsa kuti batire lifike madzulo, dzuwa likuwomba pamwamba. Mitundu yofewa imene okonza maonekedwe amaikonda, kutuwa pang'ono pa zoyera, buluu wotumbululuka, imazimirira yonse. Malamulo a WCAG 2.1, othandiza kuti mawebusayiti afikirike ndi anthu olumala, amene anatuluka mu 2018, amati zinthu zojambulidwa zimene munthu afunika kuziona kuti amvetse tsamba zisiyane ndi zoyandikana nazo pa mlingo wa 3 kwa 1. Pa kamzere, ndiye kuti madzi asiyane ndi ngalande momveka, ndipo munthu athe kuona pamene ngalandeyo ikuthera. Akapanda kuona pothera, sangadziwe ngati madzi ali pakati kapena atsala pang'ono. Ine mlingo wa 3 kwa 1 ndimautenga ngati poyambira, ndipo ndimaupitirira.

Kunenepa nakonso. Kamzere ka mapikiselo 2 pamwamba pa tsamba, ngati kofiira kamene kamadutsa pa YouTube mukamachoka tsamba lina kupita lina, n'koyenera pa kudikira kwa masekondi ochepa kumene munthu sanaikepo kanthu. Pa fomu, pa fayilo, pa chilichonse chimene munthu waikapo ndalama kapena chiyembekezo, ndimaika mapikiselo 8 mpaka 12, pafupi ndi batani limene wadina, chifukwa ndi pamene maso ake ali.

Musadalire mtundu wokha ponena kuti zatheka kapena zalephereka. Pali anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Lembani mawu. Ndipo mawuwo akhale kunja kwa kamzere, pamwamba kapena pansi pake, osati mkati. Nambala yolembedwa mkati imasowa madzi akamadutsa pansi pake, ndipo Chichewa chathu chili ndi mawu aatali: "Tikutumiza fayilo yanu" sangakwane pamene panakonzedwera liwu limodzi lachingerezi. Chinanso chimene ndimaumirira ndi kulemba kukula kwa fayilo, "MB 1.2 mwa MB 3", osati peresenti yokha. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku, peresenti imamuuza za nthawi, koma ma MB amamuuza za thumba lake, ndipo angasankhe kuimitsa. Ndiye batani loimitsira likhalepo.

Za kayendedwe ndinena mwachidule. Nambala zimabwera modumphadumpha, 12 kenako 31 kenako 33, ndipo `transition` yaifupi imasalaza madumphidwewo. Ngati mwamanga ndi `div`, dziwani kuti kusintha `width` kumachititsa browser kuwerengeranso kakhalidwe ka tsamba, pamene `transform` sikutero, ndipo pa foni ya memori yochepa kusiyanaku kumaoneka. Sikirini zambiri zimajambula ka 60 pa sekondi, ndiye chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi pafupifupi 16 okha. Kukoka madzi ndi `scaleX` kumapotoza ngodya zozungulira, choncho njira yabwino ndi kukankha madzi onse kumanzere ndi `translateX` mkati mwa ngalande yobisa zotulukira. Anthu ena zinthu zoyendayenda pa sikirini zimawachititsa chizungulire, ndipo amatchera foni yawo kuti izichepetsa. CSS imamva zimenezi kudzera mu `prefers-reduced-motion`, ndipo ndi mizere itatu yokha kulemekeza pempho lawo.

Ofufuza anayesanso mmene maonekedwe amasinthira kamvedwe ka nthawi. Chris Harrison ndi anzake a ku Carnegie Mellon University anapeza mu 2010 kuti kamzere kokhala ndi timikwingwirima toyenda chobwerera, tikumachepetsa liwiro, kamaoneka kofulumira ndi pafupifupi 11 peresenti kuposa kamzere kosalala kotenga nthawi yomweyo. Zimenezi sindiziona ngati bodza, chifukwa nambala yake ikadali yoona, mwangopeputsa kudikira. Bodza lili kwina.

"M'modzi yekha, tikunyamuka!"

Aliyense wokwera minibasi pakati pa Limbe ndi tauni amawadziwa mawu amenewa. Mumalowa, n'kupeza mipando isanu ilibe anthu, injini ikungolira, dalaivala akusuntha pang'ono kutsogolo n'kubwereranso. Tsiku lachiwiri simukhulupiriranso. Timizere tambiri ta pa intaneti timachita zomwezi. Sitinalumikizidwe ku ntchito yeniyeni, timangoyendera wotchi: kuthamanga mpaka 90 peresenti, kenako kukwawa, kudikira kuti yankho libwere. Pali laibulale yotchuka ya JavaScript yotchedwa NProgress imene imapanga kamzere kopyapyala ka pamwamba, ndipo kamakwera pang'onopang'ono mongoganizira. Pa kusintha tsamba ndilibe nayo mlandu. Koma njira yomweyo mukaiika pa kutumiza fayilo, pa netiweki imene ingaduke nthawi iliyonse, munthu adzaona 95 peresenti pamene palibe ngakhale theka limene lapita.

Nambala yoona imachokera kuti? Potumiza fayilo, `XMLHttpRequest`, njira yakale ya JavaScript yolankhulira ndi seva, ili ndi mbali ya `upload` imene imanena kuchuluka kwa zimene zapita, `loaded`, ndi zonse, `total`, komanso `lengthComputable`, imene imakuuzani ngati zonsezo zikudziwika. Ikati sizikudziwika, sinthirani ku kamzere koyendayenda. Achinyamata ambiri anaphunzira `fetch` yokha, poti ndiyo yatsopano, koma ilibe njira yachidule yonenera mmene kutumiza kukuyendera, ndipo n'chifukwa chake njira yakaleyo ikadali ndi ntchito. Potsitsa fayilo, kukula kwake kumachokera ku `Content-Length` imene seva imatumiza. Samalani apa: seva ikapanikiza fayilo kuti ichepe panjira, nambalayo imanena kukula kopanikizidwa, pamene mukuwerenga zomasulidwa kale, ndipo kamzere kangathe kupyola 100.

Nanga bwanji kamzere koona kamaimanso kumapeto? Chifukwa chimene kakuyeza ndi kuchoka kwa fayilo mu browser. Ikachoka, seva iyenera kuilandira yonse, kuiyang'ana, kuisunga, mwina kuchepetsa chithunzi, kenako kuyankha. Nthawi imeneyo ilibe peresenti. Chimene ndimachita n'chakuti madzi akafika kumapeto, ndimachotsa `value`, kamzere n'kuyamba kuyendayenda, mawu n'kusintha kukhala "Fayilo yapita, tikudikira yankho. Musatseke tsamba." Mawu akuti "Zatheka" amabwera seva ikavomera basi. N'chimodzimodzi polipira ndi Mpamba kapena Airtel Money: webusayiti ikudikira kuti munthu alembe nambala yake yachinsinsi pa foni, ndipo singadziwe kuti atenga masekondi angati. Peresenti iliyonse pamenepo ndi yopeka. Mawu omuuza kuti ayang'ane uthenga pa foni yake ndiwo ofunika.

Mawonekedwe amene amakonzedwa pomaliza, mwinanso osakonzedwa n'komwe, ndi a kulephera. Pa zojambula zimene kasitomala amavomereza pamakhala kamzere ka pa 60 peresenti, kokongola, koyenda bwino. Palibe amajambula kamzere ka munthu amene minibasi yake yalowa pamalo opanda netiweki, kapena amene magetsi azima rauta n'kuzima nayo. Kamzere kakangoima chete, munthu amadikira mphindi zisanu, khumi, osadziwa kuti kutumizako kunafa kale. Ikani malire a nthawi: nambala ikapanda kusintha kwa masekondi angapo, nenani kuti netiweki ikuvuta. Ikadukiratu, madzi asinthe mtundu, mawu anene chimene chachitika, batani la "Yesaninso" lioneke, ndipo zimene munthu analemba pa fomu zisafufutike. Ngati kuyesanso kukuyambira pa ziro, nenani zimenezo poyera, kamzere kasabwerere m'mbuyo mwakachetechete. Batani lotumizira lija lizikhala lotseka nthawi yonse imene fayilo ili panjira, kuti za makalata obwera katatu zisachitikenso.

Ndisanapereke ntchito masiku ano, ndimayamba ndi zida za opanga mawebusayiti za mu Chrome, mmene muli pochepetsera liwiro la intaneti kuti lifanane ndi 3G. Kenako ndimatenga foni yotsika mtengo imene ndimasungira ntchito imeneyi, ndimatsitsa kuwala kwake, n'kutuluka panja pa msewu dzuwa lili paliwombo. Ndimasankha chithunzi chachikulu, ndimadina batani, ndipo madzi akafika pakati ndimazimitsa data n'kuwerenga masekondi mpaka tsambalo litandiuza kanthu. Ndikabwerera mkati ndimayatsa TalkBack, n'kutembenuza foniyo chafufumimba pa tebulo, n'kutumizanso fayilo yomweyo ndikumvetsera ndi makutu okha.